Banja la ku India: Za Makolo ndi Zamakono

Ambiri mwa ife Amalawi tidawadziwira Amwenye pa kauntala ya sitolo. Ndili mnyamata ndinkatumidwa kukagula mchere, palafini ndi machesi m'sitolo ya Mmwenye wina pa boma lathu. Chimene chinkandikopa maso pamenepo chidali kakhomo kena kakang'ono kuseri kwa kauntalayo. Kakhomoko kakatseguka munkatuluka fungo la zokometsera ndiwo, phokoso la ana, ndiponso mawu a nkhalamba ina yaikazi imene sitidaionepo nkhope. Anzanga ndi ine tidawerengetsera kuti kuseriko kunkakhala anthu oposa khumi: mwini sitolo, mng'ono wake, akazi awo, ana awo ndi mayi wowabereka. Onsewo ankadya za mumphika umodzi. Amalonda otere ambiri adachokera ku Gujarat, chigawo cha kumadzulo kwa India. M'zaka za m'ma 1970 boma lidawalamula kuti achoke m'madera a kumidzi ndi kukakhala m'mizinda ikuluikulu, motero sitolo ija idatsekedwa ine ndisanamvetse za moyo wa kuseri kwa kakhomo kaja. Nkhani ino ikulondola mbiri ya banja lotero kwawo kwenikweni, ku India, m'zaka pafupifupi 200 zapitazi.

Tiyambe ndi chenjezo. India ndi dziko lalikulu zedi. M'chaka cha 2023 bungwe la United Nations lidalengeza kuti dzikoli laposa China pa chiwerengero cha anthu, ndipo anthuwo ndi oposa 1,400 miliyoni. Pafupifupi 80 mwa anthu 100 alionse ndi Ahindu, koma mulinso Asilamu, Akhristu, Asikh, Ajain ndi ena, ndipo malamulo aakulu a dzikolo amatchula zilankhulo 22. Wokamba za "banja la ku India" ali ngati wokamba za "banja la mu Africa": zimene zili zoona ku Punjab zikhoza kukhala zachilendo ku Kerala. Zambiri zimene tifotokoze pano n'zokhudza Ahindu, makamaka a kumpoto.

Banja lachikale linkadziwika ndi moto wophikira. Kumidzi ya kumpoto amaphika pa chulha, kang'anjo koumba ndi dothi kamene amasonkhezera nkhuni kapena ndowe zouma za ng'ombe. Bambo, ana ake aamuna, akazi a anawo ndi zidzukulu, malinga ngati akudya zophikidwa pa chulha imodzi, ndi banja limodzi. Abale akayambana mpaka kufika pogawana chuma, anthu a m'mudzi amati apatula chulha, kutanthauza kuti m'bwalo limodzi mwayamba kufuka utsi pawiri. Ngakhale a kalembera wa boma amatsata ganizo lomweli, pakuti kwa iwo khomo limodzi ndi anthu amene amakhala pamodzi nadya zochokera m'khitchini imodzi. Mtsogoleri wa banja lotere amatchedwa karta, ndipo kawirikawiri amakhala mwamuna wamkulu pa onse. Iye ndiye ankasunga thumba la ndalama, kulipira msonkho, kukongola m'dzina la banja ndi kugamula za maukwati a ana.

Zimenezi zidali ndi lamulo lake. Cha m'ma 1100 katswiri wina dzina lake Vijnaneshwara adalemba buku lotchedwa Mitakshara, limene lidadzakhala maziko a malamulo a chuma cha banja m'madera ambiri a India, kupatula Bengal. Mwa lamuloli mwana wamwamuna ankakhala ndi gawo pa munda wa makolo kuyambira tsiku lobadwa, atate ake ali moyo. Mwana wamkazi analibe gawo lotero. Chake chidali kudyetsedwa, kuvekedwa ndi kukonzeredwa ukwati, kuphatikizapo ndolo, zibangili ndi mikanda ya golide imene ankapatsidwa pokwatiwa. Chuma chapathupi chimenechi, chotchedwa stridhan, ndicho chokha chimene mkazi ankati n'changa. Wodabwa ndi kukonda golide kwa amayi a ku India ayambe walingalira mfundo imeneyi.

M'nyumba yotere aliyense ali ndi malo ake, ndipo chilankhulo chimaonetsa zimenezi poyera. Ife timati "agogo" kwa makolo onse anayi a bambo ndi mayi, koma m'Chihindi makolo a bambo ndi dada ndi dadi, pamene makolo a mayi ndi nana ndi nani. Bambo wamkulu ndi tau, bambo wamng'ono ndi chacha, atsibweni ndi mama, azakhali ndi bua. Kukacha, mayi amasamba nayatsa kanyali pa kaguwa ka milungu ya banjalo, ndipo kum'mwera amajambula pakhomo zithunzi za ufa wa mpunga zotchedwa kolam. Wamng'ono popereka moni waulemu amawerama nakhudza mapazi a wamkulu. Wotsika pa onse ndi bahu, amene ife tingamutche mtengwa. Iye ndiye woyamba kudzuka ndi womaliza kudya, ndipo m'madera monga Rajasthan ndi Haryana mwambo umafuna kuti aziphimba nkhope ndi nsalu pamaso pa apongozi ake aamuna ndi akulu a mwamuna wake. Amene adaonapo mkamwini akupatuka m'njira pothawa apongozi sangadabwe kwambiri ndi manyazi oterewa.

Tisafulumire kuganiza kuti kale Mmwenye aliyense ankakhala m'chinyumba cha anthu makumi atatu. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, A. M. Shah, m'buku lake la mu 1973 adaonetsa kuti makomo aakulu chotero adali ochepa, ndipo ankapezeka makamaka pakati pa eni minda ndi amalonda. Mmphawi analibe munda woti umangirire ana ake pamodzi. Komanso anthu ankafa msanga: pamene India inkalandira ufulu wodzilamulira mu 1947, munthu wobadwa kumene ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 32 zokha, kotero agogo ambiri sankafika poona zidzukulu zikukula. Banja la mibadwo itatu pa moto umodzi lidali chinthu chimene onse ankachilemekeza ndi kuchilakalaka, ngakhale ambiri sankachifikira.

Mbali yowawa ya mbiriyi ndi ya mwana wamkazi. Kumpoto mtsikana sakwatiwa m'mudzi mwake kapena m'fuko la atate ake. Amapita kutali, kwa anthu amene sadawaonepo. Pa ukwati atate ake amamupereka m'manja mwa mkwati pa mwambo wa kanyadan, awiriwo nayenda mapazi asanu ndi awiri pamaso pa moto wopatulika. Kenaka pamabwera vidaai, kutsazikana, pamene banja lonse limalira ngati pamaliro. Anthu amatcha mwana wamkazi paraya dhan, ndiye kuti chuma cha eni ake chimene makolo angosungira. Kum'mwera zinthu n'zofewerapo, chifukwa kumeneko ukwati wa pachisuweni ngololedwa, monga momwe zidalili pakati pa Achewa, ndipo mtsikana amakwatiwa kwa atsibweni kapena azakhali amene akuwadziwa kale.

Anthu oyamba kutsutsa nkhanza za m'miyamboyi adali Amwenye eni ake. Ram Mohan Roy wa ku Bengal adalimbana ndi mwambo wa sati, wotentha mkazi wamasiye pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wake. Mwambowu sudali wa dziko lonse, komabe ku Bengal kokha boma lidalemba akazi pafupifupi 8,000 amene adafa motero pakati pa 1815 ndi 1828. Bwanamkubwa William Bentinck adauletsa mu 1829. Mu 1848 Jyotirao Phule ndi mkazi wake Savitribai adatsegula sukulu ya atsikana ku Pune, ndipo amasimba kuti Savitribai ankanyamula sari yachiwiri popita kukaphunzitsa, chifukwa anthu ankamugenda ndi matope ndi ndowe m'njira. Mu 1856 lidakhazikitsidwa lamulo lolola akazi amasiye kukwatiwanso. Amene adalimenyera, Ishwar Chandra Vidyasagar, adavomera kuti mwana wake yemwe akwatire wamasiye mu 1870, ngakhale abale adaipidwa nazo.

Nkhani imene ikuonetsa bwino kulimbana kwa zakale ndi zatsopano m'kati mwa nyumba imodzi ndi ya Rukhmabai, ndipo tiyenera kuikhalira pansi. Iye adabadwira ku Bombay, mzinda umene lero ukutchedwa Mumbai, mu 1864. Atate ake adamwalira iye ali wakhanda, ndipo amayi ake adakwatiwanso ndi dokotala wina wophunzira kwambiri, Sakharam Arjun, pakuti m'gulu lawo wamasiye ankaloledwa kukwatiwanso. Ali ndi zaka 11 adamukwatitsa kwa Dadaji Bhikaji, mnyamata wa zaka 19. Monga mwa mwambo, mtsikanayo adatsala kwa makolo ake kudikira kuti akule. M'zaka zodikirazo iye ankawerenga mabuku m'nyumba ya atate ake omulera, pamene Dadaji adasiya sukulu nakakhala kwa atsibweni ake. Nthawi yopita ku chitengwa itakwana, Rukhmabai adakana.

Mu 1884 Dadaji adakasuma ku bwalo lalikulu la milandu la Bombay kuti limupatse mkazi wake. Mlandu uli m'kati, m'nyuzipepala ya Times of India mudatuluka makalata odandaula za maukwati a ana ndi za moyo wa akazi amasiye, olembedwa ndi munthu wodzitcha mayi wachihindu. Wolembayo adali Rukhmabai. Mu 1885 woweruza Robert Pinhey adagamula mokomera mtsikanayo. Iye adati sangakakamize mkazi kukalowa m'nyumba ya mwamuna amene adamukwatitsa ali mwana wosatha kuvomera, ndipo adaonjeza kuti lamulo limene Dadaji adasumira lidali lochokera ku England. Mfundo imeneyi njofunika kuisunga. Anthu amene ankafuula kuti akuteteza mwambo wa makolo adali atagwira chida cha Mngelezi, pakuti m'mwambo wachihindu munalibe zoponya mkazi m'ndende chifukwa chokana mwamuna.

Chigamulocho chidautsa mapiri pachigwa. Atsogoleri ena otchuka, monga Bal Gangadhar Tilak, adati maphunziro achingelezi ndiwo aononga mtsikanayo, ndipo boma lachitsamunda lisalowerere za m'nyumba za Ahindu. Tisawaone ngati anthu opanda nzeru. Dziko lawo lidali m'manja mwa alendo, ndipo nyumba ndiyo idali malo okhawo amene adatsala m'manja mwawo. Cholakwa chawo chidali chakuti mtengo wa kunyada kumeneko ankaulipira ndi ana aakazi. Mlandu udabwerezedwa, ndipo mu March 1887 woweruza wina adalamula Rukhmabai kuti apite kwa mwamuna wake, apo ayi akakhale m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Iye adayankha kuti asankha ndende. Boma lidachita manyazi kumanga mkazi pa mlandu wotere, nkhani itamveka mpaka ku London. Mu 1888 Dadaji adalandira marupi 2,000 nasiya mlanduwo.

Chaka chotsatira Rukhmabai adapita ku London kukaphunzira udokotala, namaliza mu 1894. Atabwerera kwawo adayang'anira chipatala cha amayi ku Surat, kenaka ku Rajkot, kwa zaka zoposa makumi atatu. Sadakwatiwenso. Olemba mbiri yake amati Dadaji atamwalira mu 1904, Rukhmabai adayamba kuvala sari yoyera, chovala cha akazi amasiye achihindu. Mkazi amene adalolera ndende pokana mwamunayo ndi yemweyo adamuvalira zamaliro. Ena amati adachita zimenezi kuti odwala ndi mabanja awo azimulemekeza. Ena amati mumtima mwake adali Mhindu ndithu, wodana ndi kukakamizidwa kokha. Iye adamwalira mu 1955, chaka chimene Nyumba ya Malamulo ya India yodzilamulira idapatsa akazi achihindu ufulu wothetsa ukwati.

Msinkhu wokwatiwira udakwera pang'onopang'ono ngati nkhono. Mlandu wa Rukhmabai, pamodzi ndi imfa ya kamtsikana kena ka ku Bengal kamene kadavulazidwa ndi mwamuna wake wamkulu, zidachititsa kuti mu 1891 boma likweze msinkhu wololedwa kukhalira pamodzi kuchoka pa zaka 10 kufika pa 12. Mu 1929 lamulo lodziwika ndi dzina la Harbilas Sarda lidaletsa kukwatitsa mtsikana wosakwana zaka 14 ndi mnyamata wosakwana 18. Koma popeza lidayamba kugwira ntchito mu April 1930, makolo ambiri adathamangira kukwatitsa ana awo m'miyezi ya pakatiyo, mwakuti kalembera wa mu 1931 adapeza ana okwatiwa atachuluka kuposa kale. Mu 1978 msinkhu udafika pa zaka 18 kwa mtsikana ndi 21 kwa mnyamata. Kafukufuku wa boma wa mu 2005 ndi 2006 adapeza kuti 47 mwa akazi 100 a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwane zaka 18. Wa mu 2019 mpaka 2021 adapeza 23. Chimene chidatsitsa chiwerengerochi kwenikweni ndi sukulu. Mu 1951 akazi odziwa kulemba ndi kuwerenga adali 9 okha mwa 100. Mu 2011 adali 65.

Ufulu wodzilamulira utabwera, nduna yoyamba ya zamalamulo, B. R. Ambedkar, idafuna kukonza malamulo onse a banja lachihindu nthawi imodzi. Otsutsa adachuluka, ndipo mmodzi mwa iwo adali mtsogoleri wa dziko, Rajendra Prasad. Atatopa ndi kuzengereza, Ambedkar adatula pansi udindo mu 1951. Jawaharlal Nehru adadzapititsa malamulowo zidutswazidutswa. La mu 1955 lidaletsa mitala pakati pa Ahindu ndi kulola chisudzulo. La mu 1956 lidalola mwana wamkazi kulandira gawo la chuma chimene atate ake adapeza okha, koma munda wa makolo udatsalabe m'manja mwa amuna kufikira 2005, pamene ana aakazi adapatsidwa gawo lobadwa nalo lofanana ndi la alongo awo. Mabanja achisilamu ali ndi malamulo awoawo, ndipo kumeneko bwalo lalikulu lidathetsa mu 2017 chisudzulo chongotchula mawu akuti talaq katatu nthawi imodzi.

Lamulo likhoza kulembedwa, koma munda uli kumudzi. Akazi ambiri amasayina chikalata chosiyira alongo awo gawo lawo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mkazi wokwatiwa kutali pothawira pake ndi kwa mlongo wake. Chaka ndi chaka, pa chikondwerero cha Raksha Bandhan, amamanga kaulusi pa dzanja la mlongoyo, ndipo iye amalonjeza kumutchinjiriza. Akalimbirana naye munda, khomo limenelo latsekeka, ndipo tsiku limene ukwati udzavute adzasowa kolowera. Ambiri amaona kuti chibale chiposa maekala awiri.

Pali dera limodzi limene mbiri yake idayenda chobwerera, ndipo ife a mbumba tiyenera kulitchera khutu. Ku Kerala, anthu otchedwa Nair ankatsata mtundu wa mayi. Nyumba yaikulu ya mbumba inkatchedwa tharavad, ndipo woyang'anira wake, karanavan, adali mtsibweni wamkulu, monga mwinimbumba kwathu kuno. Kusiyana kwake ndi chikamwini n'kwakuti mwamuna sankasamukira kwa mkazi. Ankangobwera madzulo nabwerera kwawo m'mawa. Anyamata achinair amene adaphunzira sukulu zachingelezi adayamba kuchita manyazi ndi mwambowu, ndipo adafuna kuti malipiro awo adyedwe ndi ana awo obereka m'malo mwa ana a alongo awo. Malamulo a mu 1925 ndi 1933 adalola kugawa chuma cha tharavad, ndipo la mu 1975 lidathetseratu dongosolo lonselo. Pamene akazi a kumpoto ankamenyera gawo pa munda, a ku Kerala ankataya nyumba zimene zidali m'dzina la amayi awo, zonsezo m'dzina la chitukuko. Mikangano ya pakati pa ana ndi asuweni awo pa chuma cha masiye, imene timaimva m'mabwalo athu, idachitikanso kumeneko.

Chinthu china chimene chidakula ndi chitukuko m'malo mochepa ndi chuma cha ukwati. Ku India chimayenda mosemphana ndi malowolo: a kuchikazi ndiwo amapereka kwa a kuchimuna. Kale mwambowu udali wa magulu apamwamba, koma ntchito zolipidwa zitabwera, mnyamata wa digiri kapena wa ntchito ya boma adasanduka katundu wa mtengo wapatali, ndipo mwambo udafalikira ngakhale kwa anthu amene makolo awo sankaudziwa. Poyamba ankafuna njinga ndi wailesi, kenaka njinga yamoto ndi firiji, kenaka galimoto. Lamulo loletsa lidakhazikitsidwa mu 1961, ndipo mu 1983 nkhanza za mwamuna ndi abale ake pa mtengwa zidasanduka mlandu wa ndende. Komabe kuyambira 2010 mpaka 2022 mabuku a apolisi ankalemba akazi oposa 6,000 chaka chilichonse amene adafa pa nkhani za chuma chimenechi. Amene amati vuto lililonse la m'banja ndi la umbuli wa makolo alingalirepo apa, pakuti ofuna galimoto ambiri ndi anthu a masatifiketi.

Chiwerengero cha ana nacho chidasintha. India idayamba ndondomeko ya boma ya kulera mu 1952, pamene mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi asanu ndi mmodzi. M'nthawi ya ulamuliro wadzidzidzi wa Indira Gandhi, kuyambira 1975 mpaka 1977, boma lidagwiritsa ntchito mphamvu: m'chaka chimodzi anthu pafupifupi 8 miliyoni adatsekedwa kubereka, ambiri mwa iwo amuna osauka ogwidwa mokakamiza. Mkwiyo wa anthu udathandiza kugwetsa boma pa chisankho cha mu 1977. Chimene chikakamizo chidalephera, sukulu ndi kukwera mtengo kwa moyo zidachita mwakachetechete, ndipo pofika 2021 mayi mmodzi ankabereka ana awiri. Koma banja la ana awiri limafunabe mwana wamwamuna, woti adzasunge makolo ndi kuyatsa moto wotentha mtembo wa atate ake. Makina ounikira m'mimba atafika, mabanja ena adayamba kuchotsa mimba za ana aakazi. Pa anyamata 1,000 alionse osapitirira zaka 6 padali atsikana 945 mu 1991, 927 mu 2001 ndi 919 mu 2011, ngakhale lamulo la mu 1994 lidaletsa madokotala kuulula ngati mwana wosabadwa ndi wamwamuna kapena wamkazi. Apa chida chatsopano chidatumikira chilakolako chakale.

Mzinda sudaphe mwambo monga ambiri ankaopera. Ku Mumbai, kuyambira 1890, kuli amuna otchedwa dabbawala amene amatenga chakudya chamasana m'makomo ndi kukachipereka kwa eni ake ku maofesi, pa njinga ndi pa sitima. Chisanafike chaka cha 2020 adalipo pafupifupi 5,000, ndipo ankanyamula zitini pafupifupi 200,000 tsiku lililonse. Kalaliki wovala tayi ankadyabe za pa moto wa kwawo, zophikidwa monga mwa malamulo a chipembedzo ndi gulu lake. Wailesi yakanema itafala, sewero la Ramayan la mu 1987 ndi 1988 linkachititsa misewu kukhala pululu Lamulungu m'mawa, ndipo ena ankaveka bokosilo nkhata ya maluwa asanakhale pansi kuonera. Boma litamasula zamalonda mu 1991, mizinda monga Bengaluru, Hyderabad ndi Gurugram idadzaza ndi achinyamata a ntchito za makompyuta, okhala awiriawiri m'nyumba zosanjikana. Koma mwana akabadwa, agogo amakwera sitima, nthawi zina ndege ya ku America, kukalera mdzukulu miyezi ingapo.

Ukwati wokonzedwa ndi makolo nawo udangosintha malaya. Kale nkhoswe zake zidali wansembe wa banja kapena wometa wa m'mudzi. Kenaka makolo adayamba kulengeza m'nyuzipepala za Lamulungu, kutchula msinkhu, maphunziro, malipiro ndi gulu la mwana wawo. Lero amalemba zomwezo pa intaneti, pa masamba monga Shaadi.com. Chatsopano n'chakuti m'mabanja ambiri a m'tauni mnyamata ndi mtsikana amaonana, kucheza pa foni miyezi ingapo, ndipo ali ndi mphamvu yokana. Mphamvu yokanayo ndiyo ija Rukhmabai adaifunira ndende. Koma mpanda wa magulu obadwira, amene Angelezi adawatcha caste, ukadali wolimba. Lamulo la mu 1954 limalola anthu a magulu ndi zipembedzo zosiyana kukwatirana kwa boma, komabe kafukufuku wa mu 2011 ndi 2012 adapeza kuti maukwati otero a magulu osiyana adali pafupifupi 5 okha mwa 100. M'midzi ina ya kumpoto mabwalo a akuluakulu adafika popha achinyamata okwatirana mosemphana ndi mwambo, mpaka bwalo lalikulu lidagamula mu 2018 kuti palibe bwalo la m'mudzi limene lili ndi mphamvu yoletsa ukwati wa anthu awiri aakulu ogwirizana.

Otsala m'mbuyo pa kusintha konseku ndi nkhalamba. Anthu tsopano amakhala ndi moyo zaka pafupifupi 70, ana ndi ochepa, ndipo ochepawo ali ku Delhi, ku Dubai kapena ku London. Ku Kerala kuli nyumba zikuluzikulu zomangidwa ndi ndalama za ku maiko a Aluya, m'mene mumakhala nkhalamba ziwiri ndi foni. Mu 2007 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola kholo kusumira mwana amene sakulisamala, ndipo bwalo lidapatsidwa mphamvu yolamula mwanayo kupereka mpaka marupi 10,000 pa mwezi. Kholo limene lidapereka nyumba kwa mwana polonjezedwa chisamaliro likhoza kuilanda ngati lonjezolo laphwanyidwa. Kwa ine, monga mphunzitsi amene adapuma ntchito, lamuloli ndi lomvetsa chisoni kuposa onse amene tatchula, chifukwa dziko silikhazikitsa lamulo pa chinthu chimene anthu akuchita okha. Komabe tinene chilungamo: nkhalamba zambiri za ku India zikukhalabe ndi ana awo, ndipo nyumba zosungirako okalamba n'zochepa poyerekeza ndi kukula kwa dzikolo.

Pa 24 March 2020 nduna yaikulu Narendra Modi idalengeza usiku kuti, chifukwa cha mliri wa Covid-19, dziko lonse litsekedwa pakangotha maola anayi. Sitima ndi mabasi zidaima, mafakitale adatseka, ndipo eni nyumba adayamba kufuna lendi kwa anthu amene analibenso malipiro. Pamenepo anthu mamiliyoni ambiri, omanga nyumba, oyendetsa njinga zonyamula anthu, osoka ndi ogulitsa m'misewu, adasenza akatundu awo nauyamba wapansi kulowera ku midzi ya ku Bihar, Uttar Pradesh ndi Odisha, kumene kudali amayi awo, akazi awo ndi kamunda ka makolo. Ena adafera m'njira. Pakati pa aulendowo padali mtsikana wa zaka 15 amene ankadwazika atate ake ku Gurugram, atavulala mwendo pa ngozi. Ndalama zitatha, adagula njinga yakale ndi zotsala zawo, nakweza atate akewo pa keliyala. M'mwezi wa May adapalasa ulendo wa makilomita pafupifupi 1,200, oyendetsa malole akuwanyamulako apa ndi apo, ndipo patatha pafupifupi sabata imodzi adafika nawo kumudzi kwawo, m'boma la Darbhanga ku Bihar.